Psuu pakati pa mbuu

Nkhaniyi inayamba ndi chithunzi cha ukwati chomwe msuweni wanga anaponya pa gulupu ya banja mwezi wa June. Ukwatiwo ine ndinaliko, unali wabwinobwino, tinavina mpaka perekaniperekani kutha, koma wojambula uja atapita nazo pa kompyuta anachita zija zatchuka masiku anozi, kufufuta mitundu yonse pachithunzi nkusiya maluwa okha a mkwatibwi ali psuu. Nde tangoganizani, mkwatibwi yemwe anakhala ku saluni kuyambira 5 koloko mmawa akumuphoda watuluka ali mbuu ngati wagona paphulusa, mkwati mbuu, ankhoswe mbuu, azakhali omwe anakangana ndi telala sabata yathunthu chifukwa cha chitenje cha yunifomu nawonso mbuu. Pagulupu anthu akungoponya timitima. Ine ndinangofunsa kuti koma anthuwa atuwa chonchi bwanji, mafuta anatha? Msuweni anandiyankha kuti nsanje basi, ngati umatha kajambule chako tione. Eee.

Mwina vuto lili pa chilankhulo chathuchi, mtundu umenewu tilibe nawo mawu aulemu. Tikati chinthu chatuwa ndiye kuti chafwifwa, chasowa chisamaliro, miyendo ya mwana yemwe wasambira sopo wochapira mu July nkuthamangira ku sukulu osadzola. Palibe amayamikira mnzake kuti lero mwatuwa bwino. Koma kutuwa kwa mwala wonyowa, kwa nkhungu, kwa tala mvula itangokata, nkwina, muli kamoyo, ukayang'anitsitsa umapezamo kabuluu pang'ono, kobiriwira pang'ono, pena kofiirira kobisala. App yofufuta mitundu ija imapha zonsezi nthawi imodzi, nchifukwa chake munthu amaoneka ngati mtembo wagwira maluwa. Ndinaganiza kuti ndikasake chithunzi chonga chomwecho koma choti chilengedwe chatuwitsa chokha, ine ndingodina.

Ndipo kuno ku Zomba kutuwa nkwaulere June ndi July. Amene simunakhaleko kummwera kuno, chiperoni ndi nyengo ija ya nkhungu ndi mawawa osatha, zovala zimakhala pachingwe masiku atatu nkuyamba kanunkhidwe kena. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya Indian imadzera, ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi lathuli imakwera, kuzizira, madzi aja nkusanduka timadontho tolendewera mumpweya. Timadonthoto timamwaza kuwala kwa mitundu yonse mofanana, nchifukwa chake nkhungu ilibe mtundu wakewake. Tauni yathu ili pansi pa mamita 1,000 koma pamwamba paphiri pamapitirira 2,000, nde mutha kukhala ku Matawale kukungochita mitambo chabe pomwe kumtunda munthu sakuona chala chake.

Loweruka loyamba la July ndinatenga ka Nikon D3100 kanga kakale kaja, lenzi yake yomwe inabwera nako ya 18-55, foni mthumba, nkukwera njinga yamoto pafupi ndi msika. Wakabaza atamva kuti kuphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu.

"Akulu, lero kulibe view kumeneko, mungotaya ndalama. Bwerani Ogasiti."

Ndinamuuza kuti achimwene ndikufuna kulibe view komweko. Sanayankhe, anangokweza mtengo.

Tinavutika ndi msewu woterera mpaka pa Emperor's View, paja anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, pomwe tsiku labwino umaona nyanja ya Chilwa ndi Mulanje uko. Tsiku limenelo panali chipupa choyera basi. Ndinasangalala ngati mwana, kudinadina, kenako ndikuona pa sikirini zithunzi zonse zakuda ngati madzi otsukira mbale. Apa mpofunika kumvetsa chifukwa ambiri amaganiza kuti kamera yawonongeka. Kamera ikamayeza kuwala imaganiza kuti dziko lonse ndi lotuwa mwapakatikati, kutuwa kuja ojambula amati 18 peresenti, nde ikaona nkhungu yowala imati apa pawala kwambiri nkuchepetsa yokha mpaka nkhungu ija ide. Mankhwala ake nkuiuza kuti iwe wonjezera, pa kamera ndi kabatani kaja ka + ndi -, ine ndimaika +0.7 kapena +1. Pa foni mumagwira pa sikirini nkukokera mmwamba kadzuwa kaja. Zosavuta, koma ine ndinazikumbukira nditawononga kale zithunzi makumi anayi kkkk.

Phunziro lachiwiri linandiwawa kwambiri. Kunatulukira bambo wina atavala chijasi cha mvula chachikasu, chowala zedi, ali chapatali ndithu mwina ngati theka la bwalo la mpira. Mtima unagunda, ndinati ndapata. Pachithunzi chikasu chija chinatuluka ngati phala la mgaiwa lagona. Nkhungu siisankha kuti ichi nchokongola ndichisiye, chilichonse chili patali imachidya, mtundu ndi womwe umayamba kupita. Nde chinthu chamtundu chija chiyenera kukhala pafupi nanu, mapazi khumi kapena khumi ndi asanu, pomwe zakumbuyo kwake zikhale kutali kuti zimire. Ndi masamu amenewo basi, pafupi psuu, kutali mbuu.

Koma pafupi pali mdani wina, ndipo ameneyu ndi wa ku Zomba weniweni, kubiriwira. Anzathu a ku Lilongwe amatisirira kuti kwanu nkobiriwira chaka chonse, nzoona, koma kwa munthu wosaka kutuwa ndi mutu waching'alang'ala. Udzu wapamapazi pako uli biriwiri, ndere pamwala zili biriwiri, masamba a paini omwe ali pafupi biriwiri, ukathawa zimenezo wapeza katondo wa mumsewu ali psuu kulimbirana ndi chinthu chomwe umafuna. Ndiye pali ma jumbo. Ka jumbo kamodzi kabuluu kakodwa pachitsamba pakona ya chithunzi, diso la munthu limasiya zonse nkupita pomwepo. Mitundu iwiri ikakhala pachithunzi chotere imachita ngati mitala, palibe mtendere. Ndinaphunzira kuyamba ndayang'ana mmakona monse ndisanayang'ane pakati, kugwada kuti udzu utuluke mu fulemu, kapena kuima poti pansi pakhale tala kapena thanthwe. Tsiku limenelo ndinatsika ndi chimfine basi.

Mkati mwa sabata ndinayesa mtauni, mmawa ndisanapite kuntchito. Kumtunda kuja kwa nyumba zakale za boma, zija zinatsala likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kuli zipupa zosuluka ndi malata akale zomwe mitambo ikaphimba zimatuwa bwino, ndipo nyengo yomweyi ndi pomwe poinsettia amafiira mmipanda ya anthu. Ndinapeza nthambi imodzi itasuzumira pamwamba pa mpanda wa simenti, chithunzi chinatuluka chabwino ndithu koma cha pa kalendala, chopanda nkhani. Kumsika mbali ya makala kunali bwino kuposa, matumba akuda, pansi pakuda, manja a wogulitsa akuda, nde beseni lapulasitiki lofiira lili apo. Ndinachita manyazi kutulutsa kamera, anthu a pamsika amafunsa mafunso ambiri ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Ndikuyenda choncho ndinakumbukira 2018 pomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, tinapita ku Kachulu ndi anzanga, matope ataumiratu nkung'ambikang'ambika ali mbuu mpaka komwe maso alekezera, mabwato atangokhala pamtunda, limodzi lopakidwa utoto wabuluu. Chithunzi chomwe ndikusaka lerochi chinali pamenepo, ine ndinali bize kujambula ma selfie. Zimandipweteka mpaka pano.

Chinthu chimodzi chomwe ndinaona mmasiku amenewa nchoti mitambo ndi bwenzi la mitundu. Ambiri timadikira dzuwa kuti tijambule, koma dzuwa la masana limanyezimiritsa zinthu, tsamba kapena pulasitiki zimachita ngati galasi ndipo mtundu umathawa, mithunzi nayo ili bii. Kukachita mitambo kuwala kumabwera mbali zonse mofatsa, chofiira chimafiira mpaka mkati, chikanyowa nde kuposa.

Loweruka lachitatu chiperoni chinabweranso champhamvu, ndinakweranso, ulendo uno ndinatsikira cha ku damu la Mulunguzi nkumayenda wapansi. Anyamata ogulitsa zipatso aja sasowa ngakhale kuzizire bwanji, mmodzi ananditulukira mu nkhungu ngati mzukwa, kadengu ka ma strawberry mmanja, mthumba muli timiyala takuda tonyezimira tija amagulitsa kwa alendo. Ndinagula kadengu nkukaika pathanthwe lonyowa, kumbuyo kuli madzi a damu osasiyana ndi thambo. Apa ndi pomwe ndinadziwira kuti kufiira nkovuta kwa kamera. Pa sensa ya kamera, kachigawo kamkati kolandira kuwala, timaso tambiri ndi tobiriwira, theka lonse, tofiira ndi gawo limodzi mwa anayi, tabuluu chimodzimodzi, nde chinthu chofiira kwambiri sichituluka chakuthwa ngati zina, komanso ukawonjezera kuwala chifukwa cha nkhungu ija kufiira ndi komwe kumayamba kusefukira. Ma strawberry anga anasanduka chibuluma chimodzi cha utoto, tinjere take tonse tasowa. Ndinabweza pa +0.3 nkujambula RAW, failo yosunga zonse zomwe kamera yaona, kuti nkhunguyo ndikaikweze kunyumba. Pa foni zinali zoipirapo chifukwa mafoni athuwa ali ndi nzeru zodzichitira, amawonjezera okha mtundu, amayesanso kuchotsa nkhungu poganiza kuti akukuthandiza. HDR ndi zija za AI zimitsani kaye. White balance, ija imauza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo, nayonso musaisiye pa auto, pena imapangitsa nkhungu kukhala yabuluu ngati mwajambula mu firiji, ine ndimaikhazika pa daylight kuti zithunzi zonse zifanane.

Mnyamata uja anaima pambali kundionerera ndikugwada pamwala ngati ndikupembedza zipatso. "Ankolo, zimenezo nzodya." Ndinadya. Chithunzicho chinali ngati cha otsatsa yogati, ndinaika ndekha kadengu pamenepo ndipo zimaoneka kuti ndinaika ndekha.

Nde ndinasintha nzeru. Mmalo mothamangitsa mtundu ndinasaka kaye kutuwa kwabwino nkukhala pomwepo. Ndinapeza pokhota pena pomwe msewu uli wakuda ndi chinyezi, mbali iyi thanthwe, mbali inayo mitengo ya paini itandandalika, yapafupi yakuda, yotsatira yotuwa, yakumbuyo ngati utsi chabe mpaka kusowa. Palibe udzu mu fulemu, palibe jumbo, ndinachita kukatola kamodzi nkuika mthumba. Mu nkhungu autofocus imapenga, imangopita uku ndi uku kusowa pogwira, nde ndinaloza pa kamwala kena mmbali mwa msewu, kutseka focus pomwepo, shutter pa 1/250 kuti munthu woyenda asachite chizirezire, ISO 800 chifukwa kunali mdima ngati 6 koloko madzulo chikhalirecho ili 10 mmawa. Kenako kudikira.

Zodikirazi ndi zomwe palibe amakuuza. Ola loyamba unadutsa galimoto yoyera, kenako njinga itasenza matabwa mwini wake atavala zakuda, kenako galu. Zala zinachita dzanzi, mphuno ikuchucha, mphindi zilizonse kupukuta lenzi ndi kansalu chifukwa timadontho timangomatirira, kamera ndaibisa mu jekete ngati mwana wakhanda. Batire nalo kukazizira limatha msanga, kanali katsala kamzere kamodzi. Ndinayamba kudzifunsa kuti munthu wamkulu ngati ine ndikuzunzikira chani, chifukwa cha mawu a msuweni pa WhatsApp?

Ndinawamva ndisanawaone. Nkhungu imabisa anthu koma mawu imawabweretsa pafupi, kuseka, patapata akulira pa tala, nsonga za nkhuni zikukhula masamba. Anatulukira amayi atatu motsogozana, aliyense mtolo wautali pamutu, mitolo ija yoti ife amuna a mu ofesi sitingaidzutse nkomwe. Woyamba zovala zosuluka, wachiwiri chimodzimodzi, anangodutsa ngati zithunzithunzi. Wachitatu anatsalira pang'ono, chitenje chakuda chofwifwa, koma kumtunda juzi yofiira. Poyamba inali ngati kadontho ka pinki kosaoneka bwino, sitepe iliyonse nkumafiira, nkumafiira, pofika pa kamwala kanga kaja inali psuu ngati khala lamoto munthu wauzira. Dzanja limodzi mmwamba kugwira mtolo, nkhope itatembenukira kumbali kuyankha anzawo. Ndinadina kanayi. Chachitatu ndi chomwecho.

Ndivomere pano kuti ndinajambula ndisanapemphe, ndipo sindikunyadira. Ndikanapempha kaye bwenzi ataima chilili kuyang'ana kamera ngati chithunzi cha chiphaso, koma chimenecho si chifukwa chokwanira, nde ndinawathamangira.

"Mayi, pepani, ndakujambulani mmene mumadutsa paja. Ngati simukufuna ndifufuta pompano muone."

Anaima osatula mtolo, kungotembenuka thupi lonse pang'onopang'ono mmene amachitira osenza, ine nkuwerama kuti nsonga isandikwapule.

"Mwandijambula chifukwa chani? Ndinu a za nkhalango?"

Ndinati ayi mayi, ndine munthu wamba, ndakonda juzi yanuyo. Anzawo kutsogolo anaphulika nako kuseka, mmodzi nkukuwa kuti auzeni akugulireni ina. Ndinawaonetsa pa sikirini, anayang'ana nthawi yaitali ndithu, nkunena kuti bola nkhope sikuoneka, koma ya sopo ikhalepo. Ndinapereka, ndinalonjezanso kuti ndikatsukitsa ndidzawapatsa chawo, anandiuza pomwe amakhala Loweruka masana ndi nkhuni zawo kumunsi. Ndinawapempha kuti abwerere pang'ono ndijambulenso china mwadongosolo, anakana, ndipo anachita bwino, munthu ali ndi katundu pamutu iwe ukuti bwererani.

Kunyumba kamera sindinaitulutse msanga mchikwama, ukaichotsa kozizira nkuilowetsa mnyumba mofunda magalasi amachita thukuta mpaka mkati. Madzulo pa kompyuta sindinachite zambiri, kukweza kuwala pang'ono, kudula kumanzere komwe kunalowa nthambi, kufiirako ndinachita kuchepetsa pang'ono mmalo mowonjezera kuti ulusi wa juzi uoneke. Nkhungu sindinaikhudze. Ndikachiyang'ana pano chomwe chimandigwira si juzi yokha ayi, ndi zija app ikanapha. Mkono wawo uli ndi khungu la munthu wamoyo, loderako bwino. Kumapeto kwa nkhuni komwe chikwanje chinadula kuli kachikasu kofatsa. Paini wapafupi ukamuyang'anitsitsa ali ndi kobiriwira kakutali ngati akukumbukira chabe. Zonsezi zimanong'ona pansipansi, juzi yokha ndiyo ikuyankhula mokweza.

Ndinaponya pa gulupu ya banja, ndipo apa ndinalakwitsanso, ndinatumiza ngati chithunzi wamba. WhatsApp imafinya zithunzi kuti isadye bandulo, nde nkhungu yanga yosalala ija inatuluka mizeremizere ngati mapu a nyengo, mmbali mwa juzi muli timabokosi. Zithunzi zamtunduwu tumizani ngati document, chonde. Ndinatumizanso. Msuweni uja anayankha pasanathe mphindi, akuti chabwino ndithu, wagwiritsa app yanji? Ndinamulembera kandime kathunthu za ma Loweruka atatu, chimfine, ndalama za kabaza, ndinamuuza kuti akulitse aone mkono, aone nsonga za nkhuni. Anaika chala chammwamba nkunena kuti iye akanapanga mphindi ziwiri. Azakhali a chitenje aja anangofunsa kuti mayiyo ndi wa kwa ndani.

Sabata yotsatira ndinakatsukitsa mtauni, saizi yaikuluko, wa pa studio anafuna kuchiwalitsa kuti chachita mdima ndinachita kumugwira dzanja. Loweruka masana ndinawapeza pomwe ananena, dzuwa litatuluka, phiri lonse lili poyera ngati silinabisalepo, iwo atavala bulauzi yamaluwamaluwa moti ndikanawapitirira akanapanda kundiitana okha kuti bambo a juzi aja. Anapukuta manja pachitenje asanalandire. Anzawo anaunjikana.

"Koma mwandijambula kuli kotuwa bwanji. Mukanabwera lero kuli dzuwa, ndikanavala ya ku tchalitchi."

Ndinayesa kufotokoza kuti kutuwako ndi komwe ndimafuna, anangoti hmm, mmene amayankhira akuluakulu mwana akamalankhula zopanda mutu. Kenako anachitembenuza, kuchiyang'ananso, nkuchikulunga bwinobwino mu pepala lomwe ndinabweretsera.

"Ichi chikakhala mu sutikesi. Mwana wanga asachione, juziyi ndi yake ya ku sukulu, ndimangomubera Loweruka akagona."